Maceza a Oimba Besi ku Dambwa North

Ku Dambwa North, m'mzinda wa Livingstone, monganso ku Maramba, ku Libuyu ndi ku Linda, kuli anyamata ndi abambo amene aimba gitala wamkulu wa mau apansi, uja anthu onse angoti besi. Ena aimba m'machalichi pa Sondo, ena pa maukwati, ndipo owerengeka amene ali ndi mwai aimbira alendo m'mahotela a m'mbali mwa Zambezi. Anthu awa akakomana pakhonde pa mnzao, kapena kuseri kwa chalichi mapemphero atatha, nkhani za mpira ndi za mtengo wa ufa sizikhalitsa. Posacedwa wina afunsa za nsambo, wina adandaula za sipika yong'ambika, ndipo ayamba maceza amene angathe kufika mpaka dzuwa kulowa. Aceza m'Cinyanja ca m'tauni, cosanganiza ndi Citonga, Cilozi ndi Cizungu. Wamng'ono aitana wamkulu kuti amdala, ndipo wamkulu aitana wamng'ono kuti mfana.

Wina angafunse kuti, kodi maceza a pakhonde ndi cinthu coti munthu aciweruze monga aweruza buku kapena nyimbo? Inde, ndi cotero, pakuti kwa oimba ambiri maceza amenewa ndiwo sukulu yao yonse. Mnyamata wofuna kuphunzira besi kawiri-kawiri sapeza mphunzitsi wa m'kalasi. Akhala pansi pafupi ndi akulu, awanyamulira zingwe za magetsi, amvetsera zimene atama ndi zimene anyoza, ndipo khutu lace liumbika ndi mau ao asanayambe kudziwa kukunga nsambo. Cimene akulu aciyesa cacikulu iyenso adzaciyesa cacikulu, ndipo cimene sacichula konse iye sadzadziwa kuti cinalipo. Tsono maceza akapotoka, kaimbidwe ka mzinda wonse kadzapotoka pambuyo pace, ndipo pamodzi ndi nyimbo padzatayikanso cakudya ca woimbayo.

Mbali ya maceza imene iyenera kutamandidwa ndi ija ya kusamala cipangizo. Livingstone ndi malo otentha. Mu October thukuta la m'manja lidya nsambo msanga, ndipo mvula ikayamba, mtengo wa khosi la gitala, umene unauma gwa m'cilimwe, umwa cinyezi nupindika, kotero kuti nsambo zitalikirana ndi thabwa ndipo zala zilema pozikanikiza, kapena zigona pathabwa nizilira ngati njuci. Akulu adziwa kuti m'kati mwa khosilo muli ndodo yacitsulo imene munthu aipotoza pang'ono-pang'ono ndi kasipanala, mosakakamiza, kufikira khosi liongoka. Adziwanso kuti nsambo zakufa mau, zodzala litsiro ndi mafuta a m'manja, zikaphikidwa m'madzi owira ndi kuumitsidwa bwino ziliranso ngati zatsopano kwa kanthawi, ngakhale kuti nsambo yophikidwa kawiri katatu iduka mosacenjeza. Adziwa kuwocherera waya woduka m'kati mwa gitala. Adziwa kuti m'chalichi ca makoma a simenti ndi denga la malata mau apansi agunda khoma nabwerera, nasokoneza kwaya, kotero kuti woimba wanzeru awacepetsa pamene wopusa akadawaonjeza. Nzeru izi nzoona, zayesedwa ndi manja, ndipo mwana wa sukulu sangazipeze m'mabuku ace. Apa mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga uoneka kuti ngoona.

Koma nkhani ikafika pa maina a zipangizo, nzeru ija ithawa. Dzina la Fender lichulidwa pakhonde monga dzina la mfumu yaikulu, ndipo nzoona kuti liyenera ulemu. Leo Fender, wa ku California m'dziko la America, ndiye anatulutsa mu 1951 besi ya magetsi yoyamba kugulidwa ndi anthu ambiri, naicha Precision, cifukwa inali ndi timizere tacitsulo pakhosi tothandiza cala kupeza liu leni-leni, timene besi yaikulu yoimirira ija ya kale inalibe. Mu 1960 anatulutsa ina, Jazz Bass, ya khosi locepa ndi maginito awiri otola mau. Mabesi ambiri opezeka m'makomboni ndi ofanizira awiriwa, opangidwa ku China kapena ku Indonesia, ndipo ambiri anafika kwa eni ace atadzera m'manja ena. Palibe coipa pamenepo. Coipa ndi cikhulupiriro cimene maceza adyetsa ana, cakuti munthu sangaimbe zomveka kufikira atagula yeni-yeniyo, ndi kuti kulephera kwace kuli m'thabwa. Mnyamata wotero ataya miyezi alikuyang'ana zithunzi za magitala pa foni, pomwe besi yace yochipa ili pakona, pfumbi lokha-lokha.

Akadadziwa bwino mbiri ya dzina limene alitamalo akadacita manyazi. James Jamerson, amene anaimba besi pa nyimbo zambiri za kampani ya Motown ku Detroit m'zaka za m'ma 1960, analidi ndi Precision. Koma sanali kusintha nsambo pokhapokha itaduka, ndipo anali kuzikoka ndi cala cimodzi cokha ca dzanja lamanja. Besi yace inali yoti anyamata a pakhonde akadaiyesa yakufa mau, nakailangiza kuti ikaphikidwe. Komabe oimba a maiko onse alikuphunzira mayendedwe ace kufikira lero, ngakhale kuti iye anamwalira mu 1983.

Palinso cinthu cina cimene casokoneza khutu la oimba a masiku ano, ndipo m'maceza sicimveka kawiri-kawiri. Nsambo yaikulu ya besi, ija ya E, igwedezeka ka 41 pa sekondi imodzi. Ya B, ya pa besi ya nsambo zisanu, igwedezeka ka 31. Mau otsika cotere afuna sipika yaikulu yokankha mpweya wambiri, ndipo munthu awamva ndi cifuwa ndi mapazi monganso awamva ndi khutu. Kasipika ka foni sikangathe kuwatulutsa. Cimene kapereka ndi timau tapamwamba tokwera pa mau eni-eniwo, kulira kwa citsulo ndi kugunda kwa cala. Tsono mnyamata wophunzira pa foni amva bwino woimba amene amenya nsambo ndi cala cacikulu nazikoka kuti zithetheke, monga acita Marcus Miller ndi Victor Wooten, akatswiri a ku America. Koma woimba amene agwira nyimbo pansi mofatsa samveka konse. Ndico cifukwa cace pakhonde atama liwiro ndi phokoso koposa zina zonse. Aston Barrett, wa gulu la Bob Marley, amene anamwalira mu 2024, anali kusiya mipata m'nyimbo, ndipo mau ace olemera anali kumveka amphamvu cifukwa ca mipatayo. Pa foni mipata yokhayo ndiyo itsala.

Cimene cisoweka koposa m'maceza awa ndi mbiri ya kwao. Munthu wowamvetsera angayese kuti besi inafika m'dziko muno pa ndege, koma mau apansi analimo m'nyimbo za kuno magetsi asanafike m'midzi. Kalindula, gule amene anacokera ku Luapula nafalikira m'Zambia monse m'zaka za m'ma 1980, anatenga dzina lace ku cipangizo ca mau apansi cimene ena acicha babatoni: ng'oma yaikulu yokutidwa ndi cikopa, mtengo wautali wotuluka m'menemo, ndi nsambo imodzi kapena zowerengeka zokungidwa pamtengopo. Ndiko kunena kuti mmodzi wa magule ochuka koposa a dziko lino achedwa ndi dzina la besi. Ku Malawi, Daniel Kachamba ndi mng'ono wace Donald, a ku Chileka, anali kuimba kwela m'miseu ya Blantyre m'zaka za m'ma 1960 ndi citoliro, gitala ndi besi ya bokosi ya nsambo imodzi, yonga imene anyamata a ku Johannesburg anali kupanga ndi bokosi la tiyi. Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria, anakomana nao mu 1967 nalemba zambiri za kaimbidwe kao. M'zaka zaposacedwa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay wachuka ndi babatoni wa mamita atatu, wa waya wa m'tayala, amene amuimba ndi kamtengo ndi botolo, ndipo Yobu Maligwa wa Madalitso Band wapita naye babatoni wace kukabvinitsa anthu ku Ulaya.

Alendo akaona babatoni adabwa kuti munthu wosauka anapanga coimbira ndi waya wa tayala, najambula cithunzi, napita. Woimba besi sayenera kulekeza pamenepo, pakuti kwa iye nkhani yaikulu ndi kaimbidwe kamene cipangizoco cinabala. Nsambo ya babatoni siikhalitsa kulira. Liu lace lituluka nilifa pomwepo ngati la ng'oma. Kotero woimba sangagwire liu limodzi nalisiya lilire lokha. Ayenera kuyenda osaima, kudumpha kucoka pansi kupita pamwamba ndi kubwereranso, kuyankha woimba pakamwa ndi kukankha obvina m'ciuno. Pamene magulu monga Shalawambe, Masasu, Amayenge ndi gulu la P.K. Chishala anaimba kalindula ndi magitala a magetsi, besi yao inasunga mayendedwe amenewa: mau afupi-afupi, othamanga atatu-atatu, amene nthawi zina ayamba pamene womvera sayembekezera nagwera pamodzi ndi ng'oma pa malo oyenera. Besi yotere ili ndi nyimbo yace-yace pansi pa nyimbo ya pakamwa, ndipo munthu angathe kuiimba ndi mluzu. Amayenge sanali a kutali. Gululo linayambira ku Choma mu 1978 pansi pa Chris Chali, pa njanji yomwe ija icoka ku Livingstone kupita ku Lusaka.

Tsono taonani m'mene nkhani ya zipangizo ikadayenera kukhalira. Kuti woimba atulutse mau a kalindula pa besi ya magetsi, afunika kukhudza nsambo ndi m'mphepete mwa cikhatho kapena kuziletsa ndi zala zamanzere, kuti liu lililonse life msanga nilipatse lina malo. Nsambo zakale, zija zinyozedwa pakhonde, zithandiza pa nchito iyi koposa zatsopano zolira motalika ndi mwacitsulo. Funso lakuti nsambo zabwino nziti liribe yankho kufikira munthu atanena nyimbo imene afuna kuimba. Koma m'maceza ambiri funso loyambalo lifunsidwa kakhumi, laciwirilo osafunsidwa.

Munthu akafunsa anyamata maina a oimba besi, a ku America atuluka msanga ngati madzi a pampopi. Akafunsa amene anaimba besi pa mbale ya Amanaz yochedwa Africa, ya mu 1975, pakhala cete. Anali Jerry Mausala. Wa gulu la WITCH, la Jagari Chanda, anali kudziwika ndi dzina lakuti Giddy King. Wa Musi-O-Tunya, gulu limene linatenga dzina la mathithi omwe ali pakhomo pa Livingstone, anali Derreck Mbao. Anthu awa anaimba pa nthawi imene Pulezidenti Kaunda analamula kuti wailesi iziimba nyimbo za m'dziko pafupi-fupi zokha-zokha, ndipo kampani ya Teal ku Ndola inali kusindikiza mbale. Komanso inali nthawi imene mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo cipangizo catsopano cinali cobvuta kucipeza. Anaimba ndi zimene anali nazo. Patapita zaka zambiri mbale zao zinasindikizidwanso ku America ndi kampani ya Now-Again, ndipo pamene WITCH inadzukanso nitulutsa mbale ya Zango mu 2023, woimba besi wace anali Jacco Gardner wa ku Holland. Mlendoyo alibe mlandu. Anakhala pansi namvetsera mbale zimene eni dziko anazisiya m'masanduku, ndipo anaziphunzira bwino.

Tsidya lina la mlatho wa pa mathithi kuli Zimbabwe, ndipo sungura si mlendo m'makutu a anthu a ku Livingstone. Alick Macheso, amene anabadwira ku Shamva mu 1968 kwa bambo wocokera ku Malawi, ndipo aimba m'Cishona ndi m'Cicewa momwe, anacita cinthu cimene oimba besi ambiri sacilota: anatulutsa besi kumbuyo kwa gulu naiika patsogolo, iye mwini ali mtsogoleri ndi woimba pakamwa. Mbale yace ya Simbaradzo, ya mu 2000, inamkweza pamwamba pa oimba sungura anzace. Dzina lace lichulidwa pakhonde ndithu, koma kawiri-kawiri lichulidwa cifukwa ca masewera a pabwalo, kuimba ndi cigongono ndi cibwano, zimene zikondweretsa maso koma siziphunzitsa kanthu. Coyenera kucikambirana ndi m'mene akwerera ku nsambo zazing'ono naimba kanyimbo komveka, nabwerera pansi pa nthawi yace osataya obvina. Umenewo ndi mbale wace wa kaimbidwe ka kalindula, ndipo mnyamata amene agwira umodzi sabvutika ndi unzace.

Pa mkangano wa nsambo zinai ndi zisanu, umene udya nthawi yambiri, oimba a m'machalichi ali ndi cifukwa comveka. Nyimbo zambiri za mapemphero za masiku ano zitsogozedwa ndi kiyibodi, ndipo ziyambira pa mau amene atsika kupyola E; nsambo yacisanu ipulumutsa woimba kuti asamakwere pamene nyimbo ifuna kutsika. Koma nsambo ya B yolumikizidwa ku sipika yaing'ono ingotulutsa phala, ndipo ndiyo ing'amba sipika zija adandaula nazo. Munthu wa ndalama zocepa acita bwino kuyamba ndi sipika. Codabwitsa ncakuti m'mikangano yonseyi woimba ng'oma sachulidwa, ngati kuti besi iimba yokha, pamene munthu aliyense amene anabvinapo adziwa kuti cala ca wabesi ndi phazi la wang'oma zikasiyana pang'ono pokha, bwalo lizizira ngakhale gitala akhale wa mtengo wa galimoto.

Nanga cifukwa ninji zonsezi zikhudza cakudya? Livingstone anali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, ndipo pambuyo pa ufulu anali ndi mafakitale, monga ya ITT Supersonic yopanga mawailesi ndi ina yolumikiza magalimoto a Fiat. Mafakitalewo anatsekedwa, ndipo mzinda utsamira kwambiri pa alendo odzaona mathithi. Woimba wa m'hotela apemphedwa kuimba motsitsa nyimbo zakunja zimene alendo azidziwa, anthu alikudya. Alandira ndalama zace, ndipo palibe angamdzudzule. Koma malo otero ndi ocepa, ndipo kwina konse besi ili pa mpikisano ndi makina. M'nyumba zojambulira nyimbo kompyuta itulutsa mau apansi popanda kupempha malipiro. Pa ukwati dzanja lamanzere la wa kiyibodi lingathe kugwira mau anai obwereza-bwereza bwino lomwe. Ngati woimba besi adziwa zokhazo, mwini ukwati amene awerenga ndalama zace sali wopusa akamsiya kunyumba. Cimene makina sacita ndi kuona bwalo: kuzindikira kuti amai aja aimirira, kutalikitsa gule, kusintha mayendedwe pamodzi ndi wang'oma pa kuphethira kwa diso, kuleka mwadzidzidzi kuti anthu apfuule, ndi kubwerera. Luso limeneli ndilo la kalindula, la sungura ndi la rumba ya ku Congo, ndipo ndilo lingasunge woimba besi pa nchito. Mlendonso amene waoloka nyanja, akamva besi imene sangaimve kwao, aika mphanda pansi namvetsera.

Mu 2024, cilala citacepetsa madzi a Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku m'Zambia monse. Besi ya magetsi yopanda magetsi ilira motsika kuposa udzudzu, ndipo pa nthawi yotero Fender ndi yofanizira yace zilingana. Woimba amene aphunzira conco, m'cipinda mwacete, amva zinthu zimene sipika ibisa: cala cofika mocedwa, nsambo yosakanikizidwa bwino, liu losiyidwa lilire pamene likadayenera kufa. Akulu ena alangiza ana kuphunzira motero ngakhale magetsi alipo, ndipo pa malangizo onse a pakhonde amenewa ali m'gulu la abwino koposa.

Sipika zazikulu zilipo ku Dambwa North, m'machalichi ndi kwa obwereketsa zoimbira pa maukwati, ndipo masiku ambiri a m'kati mwa sabata zikhala zobvundikiridwa ndi nsalu. Nyimbo za Amayenge, za Chishala ndi za Amanaz zipezeka pa foni yomwe ija, ndipo kacingwe kolumikiza foni ku sipika nkochipa kuposa nsambo zatsopano. Amdala amene anabvina kalindula ali anyamata angathe kuimitsa nyimbo pakati, kuloza pamene besi idumpha, ndi kunena cimene obvina anali kucita pamenepo. Ambiri mwa amene anaimba nyimbozo sangafunsidwenso: Paul Ngozi anamwalira mu 1989, Chishala mu 1995, ndi Chris Chali mu 2003.